Nyenyezi ya m'dothi si ndiwo: tisasokoneze mawu a bowa

"Tiyeni tisunge bowa wosowa." Mawu a mtundu umenewu ayamba kumveka pa wailesi ndi pamisonkhano ya zachilengedwe, ndipo owayankhulawo amakhala ndi mtima wabwino. Koma tapitani nawo kwa Kapondo ku Mchinji m'mwezi wa Januwale, mukawanene pamaso pa amayi amene angotula kumene dengu la nderema kuchokera kuthengo. Adzakuuzani kuti kusunga bowa sadayambe lero. Amamufutsa, kumuyanika pamphasa, ndipo akauma gwa amamukulunga m'chikwatu cha masamba a msuku n'kuchipachika kutsindwi kuti adzatsegule m'chilimwe ndiwo zikadzavuta. Kusunga bowa m'Chichewa ndi kumeneko. Mlendo wa pamsonkhano uja amafuna kunena kuti chinthucho chisiyidwe pamene chamera, koma amayi amva kuti achizule, achiyanike. Onse ayankhula Chichewa, koma mmodzi yekha ndiye wachiyankhula molondola, ndipo si mlendoyo ayi.

Nkhani ya bowa si yoyankhula mwamphwayi. Dzina lolakwika pa bowa limatha kudzetsa maliro pakhomo, ndipo liwu lolakwika pamsonkhano limatha kuthetsa chinthu chomwe msonkhanowo udaitanidwira kuti chipulumuke. N'chifukwa chake ndikufuna tiyese mawu athu pa kanthu kena kachilendo, tione ngati tikuwagwiritsa ntchito mmene makolo adatisiyira.

Kanthuko kali kutali. Ku Norfolk, kum'mawa kwa England, kuli gombe lotchedwa Holkham, lomwe lidakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa mu 1967. Kumeneko mphepo idaunjika mchenga n'kupanga zitunda zitalizitali moyang'anana ndi nyanja ya mchere. Pa zitundazo, pakati pa udzu waufupi ndi ndere, pamamera kanthu kakang'ono komwe akatswiri akhala akukatcha Geastrum minimum, ndipo m'dziko lonse la Britain kamadziwika pa malo owerengeka okha. Poyamba kamakhala kobulungira, kokwiririka mumchenga, ngati kaanyezi kongoyamba kumene. Kakakhwima, khungu lake lakunja limang'ambika kuchokera pamwamba n'kugawika m'timanja tosongoka, tisanu ndi kamodzi kapena kuposa apo. Timanjato timapindikira pansi n'kukankha mchenga, motero kathumba ka m'kati kamatukuka n'kuima pamtunda. Pamwamba pa kathumbako pali kabowo kamodzi. Dontho la mvula likagwera pamenepo, kathumba kamafinyika n'kutulutsa fumbi lofiirira, ndipo fumbi limenelo ndilo timbewu take. Kakatambasuka konse sikapitirira masentimita 3. Ukakayang'ana kuchokera pamwamba umaona nyenyezi yagona pansi, ndipo dzina lakuti Geastrum lidachokera pomwepo. Adalipereka mu 1794 ndi Christiaan Hendrik Persoon, munthu wobadwira ku Cape, ku South Africa, mu 1761, amene adalumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza dziko, lina nyenyezi.

Achibale a kanthu kameneka sali ku Ulaya kokha. Mitundu ya Geastrum imapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica, ndipo mayi Averil Maud Bottomley adalemba za mitundu ya kummwera kwa Africa mu 1948. Imadya masamba owola ndi zinyalala za pansi pa mitengo. Choncho wofuna nkhuni m'nkhalango zathu, ngati maso ake ali pansi, asadabwe akakumana ndi nyenyezi youma ili pakati pa masamba ngakhale m'mwezi wa Julayi, pakuti ikauma imakhala miyezi osawola.

Kodi kanthu kameneka ndi bowa? Mwana wa sukulu amene waphunzira sayansi m'Chingerezi ayankha kuti inde. Agogo ake ayankha kuti ayi, n'chirombo chimenecho, taya. Ine ndili mbali ya agogo, ngakhale pa mawu akuti "taya" tisiyana pang'ono. M'kayankhulidwe kathu bowa ndi ndiwo. Munthu akanena kuti lero tadyera bowa, palibe amene amafunsa ngati anali wodya. Timanenadi kuti uje adadya bowa woipa, kapena bowa wakupha, koma taonani pamene mawuwa amatulukira: ndi pamene chinthu chalowa mumphika chikuyesedwa bowa. Chimene palibe angaganize zochiika mumphika, monga zolimba zija zomata pa chitsa chowola, sichilandira dzinali mwaulere. A Brian Morris, amene adagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje asadakhale katswiri wa chikhalidwe cha anthu, adaziona zimenezi ndipo adazilemba. Buku lawo la Common Mushrooms of Malawi lidatuluka mu 1987. Iwo adapeza kuti Amalawi amagawa zinthuzi pawiri, zodya n'kuzitcha bowa, zosadya n'kuzitcha chirombo, ndiponso kuti bowa timamuika kufupi ndi nyama kusiyana ndi masamba. Pamenepa agogo adatsogola, chifukwa kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 adadzaonetsa kuti banja lonse la bowa lili pachibale chapafupi ndi nyama kuposa ndi mitengo kapena udzu.

Liwu lakuti chirombo nalonso tisalipeputse. Achinyamata ena amalimva ngati chipongwe chabe, monga pamene munthu wakwiya n'kutukwana mnzake. Koma fisi ndi chirombo. Tizirombo timadya mbewu m'munda ndi m'nkhokwe. Ndipo kuno kwa Achewa chimene chimatuluka kudambwe, ng'oma zikulira pabwalo, ndi chirombo, chomwe timachipatukira njira ndi kuchipatsa ulemu. Ndiye kuti chirombo sichitanthauza chinthu chachabechabe. Chimatanthauza cha kuthengo, chosaweta, chosadzala, chimene munthu sachigwira mwachisawawa. Kwa ine, mlangizi wofuna kuti nyenyezi ya m'dothi isazulidwe sakadapeza liwu lomuthandiza kuposa limeneli. Akaitcha bowa waiika panjira ya kumphika. Akaitcha chirombo cha m'banja la bowa, wanena zoona ziwiri nthawi imodzi: kuti ndi yachibale ndi bowa, komanso kuti si yodya.

Pali liwu lina lomwe lidalowa kale m'zipatala ndi m'maphunziro a ulimi, lakuti fangasi. Ine sindilikana. Chiyankhulo chamoyo chimabwereka, ndipo sitidachitepo manyazi ndi sukulu, buku kapena sopo. Liwuli lili ndi ntchito yake, chifukwa limaphimba gulu lonse lomwe Robert Whittaker adalipatula ku zomera mu 1969 n'kuliika palokha. M'gululo muli bowa wathu, muli nkhungu yomera pa mkute, muli yisiti wofufumitsa mandasi, muli chimene chimayambitsa zipere pamutu pa mwana, muli ndi chuku. Chimene ndikukana n'kutenga liwu lalikululi n'kulimasulira kuti bowa paliponse pamene lapezeka. Ndamvapo munthu akufotokozera alimi a mtedza kuti chuku ndi mtundu wa bowa. Ku Mchinji kuno mtedza ndi ndalama, ndipo chuku ndi mdani amene amabweza matumba pamsika, mdani amene poizoni wake amawononga chiwindi. Kumuuza mlimi kuti chimenecho ndi bowa n'kumusokoneza pa zinthu ziwiri zimene amazidziwa bwino kuposa womuphunzitsayo. Chuku ndi chuku. Nkhungu ndi nkhungu. Pofuna kutchula zonse pamodzi m'kalasi, nenani kuti mafangasi, kenaka mubwerere msanga ku mayina ake enieni.

Ndipo mayinawo tili nawo ambiri, ngakhale akutha m'kamwa mwa ana athu. Pali utale, waukulu uja wa pachulu, wa muzu wautali wolowa pansi mpaka kukafika m'nyumba ya chiswe, pakuti chiswe ndicho chimamulima. Pali nyonzwe wa nsonga pamutu. Pali manda, ting'onoting'ono tomera mounjikana toyera mbee, tofuna kudekha pozula ndi potsuka. Pali manyame wachikasu, pali chipindi, pali nderema amene ambiri amalemba kuti ndelema, ndipo anzathu a Chibemba amati tente. Nderema ameneyu asayansi adamupatsa dzina la Amanita zambiana mu 1980, pamene David Pegler ndi Graham Piearce adalemba za bowa wodya wa ku Zambia. M'chaka chomwecho adatchulanso Termitomyces titanicus, bowa wa pachulu amene chipewa chake chimatha kufika mita imodzi m'lifupi, yemwe Abemba adali akumudya kalekale akumutcha chikolowa. Taonani kuchedwa kwa mabuku. Anthu adadya, adatchula, adaphunzitsa ana awo kwa mibadwo, ndipo dzina la Chilatini lidangofika dzulodzuloli. Mayinawa amasiyana malinga ndi dera, makamaka kuno kumalire kumene Chichewa chimakumana ndi Chingoni ndi Chinsenga, ndipo kusiyanako si cholakwa. Cholakwa n'chimene ndikuchimva m'misika masiku ano, pamene wogula amangoti "ndipatseni bowa woyerayo" ndipo wogulitsa wachinyamata naye sadziwa dzina lake. Woyera alipo wodya, alipo wakupha. Pamene dzina latayika, chatsala ndi mtundu wa khungu lokha, ndipo khungu limanyenga.

Ndipatuke pang'ono ndinene za kalumikizidwe ka mawu, pakuti apanso pali kutsetsereka. Timati bowa uyu, bowa wanga, bowa wamera, bowayu ndi wokoma. Sitinena kuti bowa izi, kapena bowa zamera. Ndiponso liwuli silifuna "ma" kutsogolo. "Mabowa" n'chizolowezi cha m'tauni chomata "ma" pa dzina lililonse, ndipo m'khutu la Mchewa chimamveka chachilendo. Bowa akachuluka amakhalabe bowa: dengu lonse ndi bowa, ndipo pofuna kusiyanitsa timati mitundu ya bowa. Wina afunsa kuti nanga bwanji timati "bowa bwanga" pamene anthu akulimbirana katundu wa galimoto yogubuduzika, aliyense kutola chake? Ameneyo wafunsa bwino. Mawu amenewo asunga kalumikizidwe kakale, ka nthawi imene liwuli lidali m'gulu la mayina oyamba ndi "bu". Umboni wake uli kwa abale athu: Abemba amati ubowa, Aswahili amati uyoga, Ashona amati howa. "Bw" yemweyo ndiye tikumumva mu bwino ndi mu bwanji. Tsono chining'acho chisiyeni mmene chilili, osachikonza kuti chikhale "bowa wanga", chifukwa mukatero mwapha tanthauzo lake. Koma musachitengenso ngati chilolezo chonena kuti bowa bwabwino pa nkhani wamba.

Tsopano za kudziwa kuti ichi n'chiyani. Pamisonkhano timamva kuti "tikufuna tipange identify mitundu ya bowa". Kapangidwe kameneka, kotenga "kupanga" n'kumusenzetsa mneni wa Chingerezi, ndi ulesi, chifukwa Chichewa chili ndi aneni atatu pa ntchito imeneyi ndipo aliyense ali ndi malo ake. Kudziwa n'kukhala nacho kale m'mutu. Kuzindikira n'kukumana ndi chinthu, kuchiyang'anitsitsa, mpaka mtima utsimikize kuti n'chomwe chija. Kusiyanitsa n'kuika ziwiri zofanana pamodzi n'kupeza pamene zapatukirana. Ntchito ya akatswiri a nyenyezi za m'dothi kwenikweni ndi yachitatuyi. Pa mchenga wa m'magombe a ku Britain pamameranso ina yaing'ono, Geastrum schmidelii, yomwe ukaiona patali sungailekanitse ndi ya ku Holkham ija. Katswiri amagwada, natenga galasi lokulitsa, nayang'ana pakamwa pa kathumba. Ngati pakamwapo pali timizere tozama topindapinda, ndi schmidelii. Ngati pali posalala, pokhala ndi tiulusi tosaoneka bwino ndi kamzere kozungulira, ndipo kathumbako kali ndi timiyala toyera tonga ufa, ndi inayo. Amaonanso ngati kathumba kaima pa kakhosi kapena kakhala pansi, amawerenga timanja, kenaka amapita ndi fumbi lija pa makina oonera tinthu tating'ono. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngakhale odekhawo amaphonya. Mu 2015 akatswiri a ku Spain, motsogozedwa ndi Juan Carlos Zamora, atayeza DNA adaonetsa kuti dzina limodzi la Geastrum minimum lidali likuphimba mitundu ingapo yosiyana. M'kafukufuku yemweyo adalengeza mtundu watsopano, Geastrum britannicum, womwe udatoledwa ku Norfolk komweko m'chaka cha 2000 koma kwa zaka zonsezo unkayesedwa mtundu wina wodziwika kale. Chinthu chikabisala pansi pa dzina la chinzake, palibe amene amachiwerenga, ndipo chikhoza kutha anthu akuganiza kuti chikadalipo.

Amayi a kwa Kapondo amagwira ntchito yomweyi popanda galasi. Taonani mmene amachitira ndi nderema. Sayamba ndi chipewa. Amayamba ndi malo: wamera pansi pa mtengo wanji? Akamuzula amamutembenuza n'kuyang'ana kutsinde, kumene kuli kathumba komwe adatulukamo. Amaona mkanda wa pakhosi, amagwira pamwamba kuti amve kuterera kwake, amaona pakati podera ndi m'mbali moyera mokhala ndi timizere, amanunkhiza. Mwana amene ali pambali amamva dzina likutchulidwa chinthucho chili m'manja, ndipo sadzaiwala. Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa, pakuti nderema ali m'banja limodzi ndi bowa wakupha kwambiri padziko lonse, Amanita phalloides, amene adafika ku South Africa pamodzi ndi mitengo yochokera ku Ulaya. Munthu akadya bowa ameneyu amakhala maola 6 kapena kuposa osamva kanthu, chiwindi chikuwonongeka. Palinso wina woyera wokonda pa kapinga ndi m'mbali mwa makola, Chlorophyllum molybdites, amene timizere take ta kunsi timasanduka tobiriwira akamakula, ndipo amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa. Zonena zakuti bowa amene wadyedwa ndi tizirombo kapena nyani ndiye kuti ndi wabwino n'zabodza, ndipo tileke kuzibwereza. Wosatsimikiza afunse. Safunsa adadya phula.

Liwu lakuti wosowa lili ndi mavuto akeake. Mwana akasowa timamufuna ndi miuni. Mchere ukasowa timakapempha kwa anansi. Anthu osowa ndi amphawi. Bowa akasowa chaka chino ndiye kuti mvula sidagwe bwino, ndipo chaka chamawa adzabwera. Palibe mwa matanthauzo amenewa limene likunena zimene katswiri akufuna kunena za nyenyezi ya ku Holkham. Iyo si kuti yatayika kapena yachepa chaka chino. Ndi yopezeka malo ochepa, ndipo ngakhale pamalopo imaoneka mwa apo ndi apo. Tinene choncho basi: yosapezekapezeka, yopezeka malo ochepa. Ngati malowo akuwonongeka, tinene kuti yatsala pang'ono kutha. Ndipo tisafulumire kunena kuti chinthu chatheratu pamene changosowa. Ku Britain komweko kuli nyenyezi ina ya mabowo ambiri pa kathumba, Myriostoma coliforme. Idaoneka ku Norfolk mu 1880, kenaka zii, mpaka anthu adaiwerengera m'gulu la zakutha pa chilumba chachikulucho. Mu 2006 idapezekanso ku Suffolk. Zaka 126 idali yosowa, koma sidathe. Chichewa chimasiyanitsa bwinobwino kusowa ndi kutha, ndipo wolemba nkhani asasakanize.

Za nyanja ndingonena mwachidule. Mukauza Mmalawi kuti chinthu chimamera m'mbali mwa nyanja, maganizo ake athamangira ku Salima kapena ku Nkhotakota. Ngati mukunena za Holkham kapena Beira, onjezani kuti nyanja ya mchere. Ndipo malo a mchenga amene madzi amafikapo ndi gombe, pamene doko ndi poima mabwato.

Ndibwerere kwa mneni amene ali pamtima pa nkhaniyi, wakuti kusunga. Timasunga chimene tachichotsa pamalo pake n'kuchiika m'manja mwathu: chimanga m'nkhokwe, ndalama kubanki, mfutso m'chikwatu. Timasamala chimene chili ndi moyo ndipo chikufuna diso lathu: mwana, wodwala, mbande pa nazale. Timateteza chimene chili ndi mdani. Nyenyezi ya m'dothi singasungidwe n'kukhalabe ya moyo. Imene yasungidwa ndi youma ya m'kabati ya akatswiri, yokhala ndi pepala la dzina, tsiku ndi malo, ndipo ntchito yake ndi umboni chabe. Moyo weniweni wa chinthuchi uli pansi, m'tiulusi toyera tomwe timayanga m'dothi ndi m'masamba owola. Chimene timachiona pamwamba ndi chiwalo choberekera chabe, chotuluka pa nyengo yake. Tsono wofuna kuti chisathe asamale malo. Ku Holkham zimenezi zikutanthauza kuti zitunda za mchenga zisapondedwepondedwe, tchire lisakule mpaka kuphimba udzu waufupi, ndipo anthu azidziwa pamene kanthuko kamamera kuti aziona ngati kakuchuluka kapena kakuchepa. Nyanja nayo ili ndi mphamvu zake: mu Disembala 2013 mafunde aakulu adagumula magombe ambiri a ku Norfolk. Chinthu chokhala pa malo ochepa chikhoza kupita ndi usiku umodzi woterowo.

Kwathu kuno mdani si mafunde. Nderema ndi manyame salimidwa, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: tiulusi tawo timalumikizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba, mtondo ndi msuku. Mtengo umapereka chakudya, bowa amathandiza mtengo kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka. Mukadula mtengo mwadula bowa, ngakhale simudamukhudze. Mukadzala bulugamu pamalopo mudzapeza milimo ya chigafa ndi nkhuni, koma nderema sadzabwerera. Utale naye amapita pamene chulu chagumulidwa kapena chathiridwa mankhwala. Nyenyezi ya m'dothi sidalira mizu, koma imadalira masamba ogwa, ndipo masambawo ndiwo amayamba kupsa pamene anyamata atentha tchire posaka mbewa. Nkhalango ya boma ya Mchinji idakhazikitsidwa mu 1924, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 lidapatsa midzi mphamvu yokhala ndi nkhalango zawozawo pansi pa mafumu ndi makomiti. Koma aliyense wa kuno akudziwa kuti makala, fodya ndi minda yatsopano zadya mitengo yambiri, ndipo m'midzi yochuluka mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Kumanda sikulowa nkhwangwa mwachisawawa, masamba amaunjikana chaka ndi chaka, ndipo zirombo zazing'ono zonga nyenyezi yathuyi zimapeza pokhala. Makolo sadatche zimenezi ndi dzina la pulojekiti. Adangoti kumeneko sikudulidwa mtengo, ndipo mawu atatu amenewo agwira ntchito kuposa zikwangwani zambiri.

Tsono mlangizi akaima pamaso pa anthu kwa Kapondo, asanene kuti tisunge bowa. Anene kuti tisamale nkhalango kuti bowa asathe. Anene kuti titeteze misuku ndi miombo ku nkhwangwa ndi ku moto. Anene kuti pozula utale tisagumule chulu. Akafuna kunena za nyenyezi ija, anene kuti kuli tizirombo tina ta m'banja la bowa, tosadya, tomwe timawoletsa masamba kuti nthaka ikhale ndi chonde, ndipo tikatipeza titisiye pomwepo. Ziganizo zimenezi n'zazitali pang'ono kuposa chija cha pa wailesi, koma palibe mayi amene adzapite kunyumba atamva zosiyana ndi zimene zanenedwa.

Latsala dzina. M'nkhani ino ndakhala ndikunena kuti nyenyezi ya m'dothi, ndipo ndikuganiza kuti pofotokoza mawuwa akukwanira: akunena maonekedwe, akunena malo, ndipo sakulonjeza ndiwo. Ndasankha nyenyezi osati nthanda, chifukwa nthanda ndi imodzi ija ya m'bandakucha. Koma kufotokoza si kutcha dzina. Anthu amene adatha kutcha zofuka fumbi zina kuti fodya wa nyani adali ndi maso komanso nthabwala, ndipo si anthu oti tiwadumphe n'kukapeka dzina mu ofesi. Ntchito yambiri ya a Morris idachitikira kummwera, cha ku Zomba ndi ku Mulanje. Ya kuno kumalire ikudikira ife eni ake. Kale nkhani zotere zikadapita ku Chichewa Board, yomwe idakhazikitsidwa mu 1972. Lero tili ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba, yomwe idayamba mu 1996 ndipo idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ku Zomba komweko kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, kumene amasunga zitsanzo zouma za zomera za dziko lino. Nyumba ziwirizi zingathe kulemba zokhazo zimene zawafika.

Ndiye pempho langa likupita kwa inu aphunzitsi a m'sukulu za kwa Kapondo, kwa Mkanda, kwa Dambe ndi kwina konse m'boma lino. Mvula ikayamba, tumani ana kwa agogo awo ndi kope. Akalembe dzina la bowa aliyense mmene agogowo alitchulira, mtengo kapena chulu chimene wamerapo, mwezi wake, ndiponso ngati ndi wodya kapena ayi. Akafunsenso za zosadya, zimene anthu amangozidutsa. Muwalangize kuti asalawe chilichonse, ndipo akapeza nyenyezi ya m'dothi asaizule, aijambule pa pepala kapena pa foni n'kupita ndi chithunzicho kwa akuluakulu. Dzina limene akuluakuluwo atchule mulilembe mmene lamvekera, ndi mudzi wake, kenaka mulitumize ku Zomba.